Miyezi 8 ndikubena ma DVD a ukwati ndi a kwaya, nazi zimene ndaona

Mu Febuluwale ndinagula ka DVD writer ka USB chifukwa laputopu yanga ilibe polowetsa chimbale, nde cholinga chinali chimodzi basi, kuti kanema wa ukwati wa mchemwali wanga amayi akaonere kumudzi ku Ntcheu. Amayi alibe foni ya WhatsApp, ali ndi deki ndi TV yakale ija yonenepa kumbuyo, amayatsa ndi batire la sola madzulo ana a pamudzi nkudzadza pakhonde. Zimbale zitatu zoyamba zonse zinakana. Deki imangozungulira kenako nkulemba No Disc, ine mtima kuwawa poti ndinali nditawalonjeza, ndipo ndinatsala pang'ono kugula deki ina poganiza kuti yawoyo yatha. Pano ndi Okutobala, ndabena zimbale zoposa 40, za ukwati, za kwaya ya kumpingo kwathu, ndi chimodzi cha chinkhoswe, deki ija ndi yomweyo ikugwirabe ntchito.

Vuto lalikulu silinali deki ayi. Ine ndinkangotenga fayilo ya MP4 yochokera pa foni nkuikopera pa chimbale ngati mmene timachitira pa fulashi, ndiye pa laputopu imasewera bwinobwino chifukwa kompyuta imawerenga chilichonse, koma deki siidziwa zimenezo. Deki imafuna foda yotchedwa VIDEO_TS, mkati mwake muli mafayilo a VOB, IFO ndi BUP, ndipo kanemayo akhale wa MPEG-2. Foni imajambula H.264 kapena H.265, zinthu zimene zinabwera DVD itakhazikika kale. Madeki ena ali ndi chizindikiro cha DivX kutsogolo, amenewo amalandira ma AVI ang'onoang'ono, koma ya amayi ilibe nkomwe. Chimene chinandithandiza ndi DVDStyler, pulogalamu yaulere, umaika kanema wako iyo nkumusandutsa kukhala DVD yeniyeni. Ine ndimaiuza kuti isunge ngati ISO kaye (fayilo imodzi yokhala ndi zonse za pa chimbale), kenako ndimabena ndi pulogalamu ya ImgBurn, nayonso yaulere, yakale ndithu poti yomaliza inatuluka mu 2013 koma pa laputopu yanga sinandikhumudwitsepo.

China chimene ndinalakwitsa pa zimbale zoyambazo, Windows ikafunsa mmene ukufunira kugwiritsa ntchito chimbale ndinasankha kuti chikhale ngati fulashi. Chimbale chotere chimakhala chosatsekedwa, deki imachiona ngati mulibe kanthu. Ndi ImgBurn zimenezi zinatha, imatseka yokha.

Za PAL ndi NTSC, mitundu iwiri ya kanema wa pa TV, zinandigwira kamodzi mu Epulo. Poyamba pulojekiti mu DVDStyler ndinadina NTSC osaona, chimbale chinasewera koma zithunzi zakuda ndi zoyera, zikumayenda chokwera ngati zikuthawa, amayi kuimba foni kuti mwananga TV yafa. Kuno kwathu ndi PAL, 720x576, mafulemu 25 pa sekondi, NTSC ndi ya ku America ndi Japan. TV zatsopano zimalandira zonse koma zakalezi zina ayi. Chiyambire pamenepo ndimayang'ana kawiri ndisanadine.

Nkhani imene inandidya nthawi yambiri ndi ya mawu a kwaya. Tinajambula nyimbo 9 ndi foni panja pa tchalitchi, chimbale chinasewera, koma pofika nyimbo yachinayi milomo ikuyamba mawu akubwera pambuyo, pofika kumapeto wotsogolera kwaya wakweza mkono kale oimba sanayambe, zochititsa manyazi zedi poti anthu anasonkha ndalama zawo kuti tipange zimbalezi. Ndinabena kawiri katatu kuganiza kuti ndi chimbale, ayi ndithu. Foni pojambula simagwira mafulemu ofanana nthawi zonse, kukada kapena ikatentha imachepetsa yokha, nde posandutsa kupita ku DVD zithunzi ndi mawu zimasiyana pang'onopang'ono mpaka kuonekeratu. Mankhwala ake ndi HandBrake, pulogalamu ina yosinthira makanema, umadutsitsamo kanema kaye, framerate (mafulemu pa sekondi) nkuika pa 25 ndi kusankha constant kuti asamasinthesinthe, kenako ndi pamene ukumupititsa mu DVDStyler. Zimawonjezera nthawi, pa laputopu yanga kanema wa ola limodzi ndimamusiya ndikupita kukaphika, koma chiyambire Meyi palibe chimbale cha kwaya chomwe chabwerera ndi dandaulo la mawu. Ndipo ojambula ndinawapempha kuti foni azigoneka chopingasa, akaimika pa TV pamatuluka kamzere kakang'ono pakati mbali zonse kuli bii, agogo sangaone nkhope ya munthu.

Zimbale zenizenizo nazo zimasiyana abale. Ndinagula mulu wa 50 wotchipa wopanda dzina lodziwika, pa 10 zoyamba zinayi zinalephera verify (pomwe ImgBurn imawerenganso chimbale kuona ngati chalembeka bwino), zina zimasewera mphindi 40 kenako nkuyamba kudukiza, chithunzi kuima mawu nkumapitirira. Nthawi zambiri zimafera chakumapeto chifukwa DVD imalembedwa kuchokera pakati kupita kunja, kumphepete ndi komwe zimbale zotchipa zimakhala zofooka. ImgBurn imakuonetsa amene anapanga chimbale kwenikweni, osati dzina losindikizidwa pamwamba. Za Verbatim zimene ndinapeza zinalemba MCC 03RG20 ndipo pa zimenezi palibe ngakhale chimodzi chalephera. Zodula pang'ono inde, koma ukawerengera zotayidwa ndi thiransipoti yopita ku Ntcheu ndi chimbale chakufa, zotchipazo ndiye zodula. Sipidi ndinatsitsa, pa 16x chimatha mu mphindi 6 kapena 7, ine ndimaika 4x pafupifupi mphindi 15, chikakana 4x ndimatenga yotsikitsitsa imene writer yalola. Verify sindidumpha ngakhale ndili pa changu.

Pa DVD-R ndi DVD+R, deki ya amayi imadya zonse, koma ya kunyumba kwa abusa ndi yakale kwambiri imangolandira DVD-R basi. DVD-R inayamba kale mu 1997 pomwe DVD+R inabwera mu 2002, nde madeki akalewa ena saidziwa. Pano ndimangogula DVD-R kuti ndisamafunse munthu aliyense kuti deki yanu ndi yotani.

Chimene chandilephera mpaka lero ndi zimbale za 8.5GB zija za magawo awiri. Ukwati wa mchemwali ndi maola atatu ndi theka, pa 4.7GB ukakakamiza zonse nkhope zimakhala ngati zopaka matope, maola awiri ndiye malire kuti ziziwoneka bwino. Ndinayesa za 8.5GB ziwiri, zonse zimafika pakati pomwe deki ikusintha gawo nkuuma pompo, rimoti osamva, mpaka kuzimitsa. Ndinasiya. Ndinagawa pawiri, chimbale choyamba kutchalitchi, chachiwiri ku holo ndi perekaniperekani, ndipo amayi akuti bola choncho chifukwa alendo akabwera amangofuna cha ku holo kuti adzione akuvina.

Kawriter kenikeniko kakadali bwino, chitseko chake ndi chopepuka umachita kugwira mosamala, ndipo kamafuna ma USB awiri, ukalumikiza chingwe chimodzi kamayamba bwino kenako nkulephera pakati chifukwa mphamvu yachepa. Chimbale chimodzi chinawonongeka magetsi atazima batire la laputopu lili pafupi kutha, nde pano sindiyamba kubena ngati batire silinadzadze.

Ndiye pali za kusunga, izi ndaziona mwezi uno ndi kutenthaku. Chimbale cha kutchalitchi chinasiyidwa pawindo chopanda kava kwa masabata angapo, dzuwa likuchiwomba, ndipo pano chimadumpha malumbiro enieniwo. Zimbale zobena tokhazi zili ndi utoto mkati umene laser imawotcha, sizili ngati zogula kusitolo zopangidwa ku fakitale, dzuwa ndi kutentha zimaupha utotowo. China ndinamata pepala la chithunzi cha akwati pamwamba kuti chikongole, pepalalo linayamba kumatuka chimbale nkumalira mu deki ngati chigayo. Tsopano ndimangolemba ndi maka yofewa. Mwayi wake ISO iliyonse ndimasunga pa hadi disiki, nde kubena china ndi mphindi 15 basi, amene mukupanga izi musafufute ISO chonde ngakhale malo akuchepereni. Mu Ogasiti deki inayambanso kukana ngakhale zimbale zogula, pamenepo ndinadziwa kuti si zanga, ndinaitengera kwa mnyamata wokonza mawailesi pa Ntcheu boma, anatsegula nkupukuta lenzi, fumbi linali tho, inabwerera mwakale.

Mamenyu okongola aja ndinasiya kupanga. Poyamba ndinkaika chithunzi, mabatani a nyimbo iliyonse, kanyimbo kapansipansi, koma rimoti ya amayi mabatani a mivi anafa, chimbale chimangoima pa menyu iwo nkumadikira kuti chiyamba. Mu DVDStyler pali posankha kuti chikangolowa chiyambe kanema woyamba osadutsa pa menyu, ndipo ndimaika machaputala pa mphindi 10 zilizonse kuti batani la next lomwe lili pa deki penipenipo lizigwira ntchito. Cha chinkhoswe ndinatumiza sabata yatha pa minibasi, dzulo amayi anaimba kuti chinangolowa nkuyamba chokha, ndipo akufuna china cha azakhali a ku Balaka.