.308, .30-06 kapena .375: zimene ndaona paphewa langa

Bambo anga anachokera ku Dedza n'kudzagwira ntchito pafamu ina ku Mvurwi, kuno ku Zimbabwe, ndipo mfuti yoyamba imene ndinaigwira inali Lee-Enfield ya .303 imene ankasakira nguluwe zoononga chimanga. Inalibe skopu (galasi loonera patali), mpope wake unali utaperepeseka, koma m'manja mwawo sinkaphonya. Lero achinyamata athu a ku Mbare ndi Mufakose mu Harare akafuna kulowa ulenje, funso n'limodzi: agule iti pa mfuti zitatuzi, .308, .30-06 kapena .375?

Ndiyambe ndi mapasa, .30-06 ndi .308. Chipolopolo cha .30-06 chinabwera ndi asilikali a ku America mu 1906, ndipo .308 Winchester inatuluka mu 1952. Kukula kwa chipolopolo n'kumodzi, kusiyana kuli pa chikhokhombe cha onga: cha .30-06 n'chotalika mamilimita 63, cha .308 ndi 51. Ndiye .30-06 imanyamula onga wambiri ndipo imaponya bwino zipolopolo zolemera, mpaka magileni 220 (gileni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Nayo .308 imakhala bwino pa 150 mpaka 180, mfuti yake imakhala yaifupi ndi yopepukirako, ndipo sikankha phewa kwambiri.

Ine ndakhala ndi zonse ziwiri. Tsiku lina ku Cleveland, malo oyeserera kuwombera mu Harare, ndinaziyesa pa mamita 100, nditatsamiritsa pathumba la mchenga, zipolopolo zitatu iliyonse. Mabowo a .308 ndinawaphimba ndi chitsekero cha botolo. A .30-06 anafuna bokosi la machesi. Sindikunena kuti .30-06 ili ndi vuto ayi. Mnzanga wa ku Highfield, amene timasaka limodzi, yake imaunjika zipolopolo pamodzi ngati nyemba. Kwa nswala, njiri, ngoma kapena mbidzi, m'tchire la tsanya momwe nyama umaiona pafupi, nyamayo singakuuzeni kuti yalasidwa ndi iti.

Nkhani imavuta tikafika pa .375 H&H, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Alenje ambiri amaikonda chifukwa amati mfuti imodzi ikwanira zonse, kuyambira nswala mpaka njati. Akunena zoona, ndipo malamulo a m'dziko muno amafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 pa njati, njovu ndi mvuu. Apo mapasa aja alibe mawu. Amene akupita kuchigwa cha Zambezi kukalondola njati, asakambirane ndi munthu, atenge .375 ndi chipolopolo cha magileni 300.

Koma abale anga, mfuti imeneyi imamenya phewa, ndipo thupi silimaiwala. Chaka chimene ndinaigula ndinkanyadira kwambiri, osadziwa kuti ndayamba kutsinzina chala chisanakoke. Ndinalasa ngoma yaimuna m'mimba, pafupi ndithu. Tinailondola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tikuwerenga timadontho ta magazi osakanikirana ndi udzu wa m'chifu pamasamba ouma. Titaipeza inali itagona pansi pa mtengo, ikupuma movutika, maso ali pa ife. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka. Mnzanga uja ndiye anandigwira: anandipatsa mfuti yopanda chipolopolo ine osadziwa, ndipo nditakoka, mpope unagwera pansi wokha.

Palinso mtengo wa zipolopolo. Za .375 n'zodula, choncho munthu amaumira kuyeserera, chonsecho ndi mfuti imene imafuna kuizolowera kuposa zinzake. Za .308 ndi .30-06 sizisowa m'masitolo a mfuti mu Harare muno.

Kwa wosaka ndiwo, ine ndimati .308. Wofuna zipolopolo zolemerako, ndipo phewa lake n'lokhwima, .30-06 simukhumudwitsa. Yanga ya .375 ili m'kabati yachitsulo yokhoma, imatuluka pokhapokha njati ikakhala pa chilolezo, ndipo ulendowo usanafike ndimayamba ndapita kaye ku Cleveland masabata angapo.