Kuchepetsa mabere: kupopa mafuta kapena opaleshoni yodula?

Amayi amene mabere akuluakulu amawapweteketsa msana, khosi ndi mapewa, kapena kuwayambitsa zilonda za thukuta kunsi kwake, akamva za liposuction, njira yopopa mafuta, amangoti yomweyo, poti zipsera zake n'zochepa. N'zoonadi. Dokotala amaboola timabowo ting'onoting'ono, n'kulowetsamo madzi osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi komanso ochepetsa kutaya magazi, kenako n'kupopa mafuta ndi kapaipi kopyapyala. Njira yolowetsa madziyi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Jeffrey Klein, m'zaka za m'ma 1980. Ambiri amabwerera kuntchito pakatha masiku owerengeka, ngakhale bra yothina amavalabe kwa milungu ingapo.

Koma kapaipiko kamakoka mafuta okha. M'bere mulinso mnofu wolimba wopanga mkaka, ndipo umenewu supopeka. Atsikana ndi amayi achichepere nthawi zambiri mabere awo amadzadza ndi mnofu umenewu, choncho akhoza kulipira ndalama zambiri, bere n'kungochepa pang'ono chabe. Mayi akasiya kusamba, mnofuwo umachepa ndipo mafuta amatenga malo. Apa m'pamene kupopa kumathandiza kwenikweni. Chinanso, khungu silichotsedwa. Ngati mabere anagwa kale, nsonga n'kumaloza pansi, adzapepuka koma kugwako kudzatsala.

Opaleshoni yodula imachotsa zonse zitatu, mafuta, mnofu ndi khungu lotsala, ndipo nsonga imakwezedwa. Kwa munthu amene zingwe za bra zinamukumba kale m'mapewa, ine ndikuona kuti iyi ndiyo ingamupatse mpumulo weniweni. Koma nayo si yamasewera. Amakugonetsa tulo ndi mankhwala kwa maola awiri kapena atatu, kuchira kumatenga milungu ingapo, ndipo chipsera chimazungulira nsonga n'kutsika pansi, mwinanso n'kudutsa kunsi kwa bere monse. Nsonga ikhoza kuchita dzanzi kwa kanthawi kapena mpaka kalekale. Kuyamwitsa ena kumatheka, ena mkaka umachepa, chifukwa njira zina za mkaka zimadulidwa, pomwe kupopa sikuzikhudza kwambiri. Amene akufunabe kubereka ayambe ndi funso limeneli akakumana ndi dokotala.

Ndiye pali nkhani ya khungu lathuli, imene zithunzi za pa Instagram sizikuuzani. Zipsera zotupa n'kumakulirakulira, zija madokotala amati keloid, zimachitika kwambiri kwa anthu akuda, ndipo pachifuwa ndi pena pomwe zimakonda kutuluka. Ngati poboola khutu kapena pa katemera panatuluka chotupa cholimba, muuzeni dokotala asanagwire mpeni. Kwa munthu wotere timabowo ta liposuction n'tabwinoko pang'ono, koma natonso tikhoza kutupa.

Pa ndalama, amene ali ku Britain adziwe kuti NHS, nthambi ya boma yoona za umoyo kumeneko, nthawi zina imalipira opaleshoni yodula ngati mabere akudwalitsa ndipo njira zina zalephera, koma malamulo amasiyana malinga ndi dera. Ku South Africa ma medical aid ambiri amaitenga ngati yodzikongoletsa, ndiye funsani msanga. Kaya mwasankha iti, pemphani akupimeni mabere kaye. Kupimako kumaonetsa ngati muli mafuta ambiri kapena mnofu, komanso ngati mulibe chotupa chobisika. Osuta fodya amauzidwa kusiya milungu ingapo lisanafike tsikulo, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola.