KY-040 pa makina anga oswetsa mazira: mmene ilili itadutsa dzinja la Mzuzu

Makina anga oswetsa mazira amayendetsedwa ndi Arduino Nano, kabolodi kakang'ono komwe umakalembera pulogalamu (khodi), ndipo m'malo mwa mabatani atatu ndinaikapo rotary encoder imodzi, kachipangizo kopotokola ndi zala, ija yotchipa ya KY-040. Ntchito yake ndi yochepa. Ukaipotokola, kutentha kumakwera kapena kutsika ndi 0.1 digiri, ndipo ukaidina umalowa mu menyu kapena kusunga zomwe wasankha. Tsopano yadutsa mvumbi wonse wa kuno mpaka kuzizira kwa Juni, ili m'kachipinda kogundizana ndi khola ku Zolozolo, choncho ndingathe kunena zomwe sizioneka sabata yoyamba.

Ikugwirabe ntchito, ndipo ndingaigulenso. Koma yakalamba ndithu, ndipo chomwe chikubisa ukalambawo ndi khodi, osati kulimba kwa kachipangizoko.

Mkati mwake mulibe zodabwitsa. Muli timaswichi tiwiri, CLK ndi DT, tomwe timatseka ndi kutsegula motsatizana, kena patsogolo kena pambuyo pang'ono. Kamene kayamba ndi kamene kamauza Arduino kuti dzanja lapita kumanja kapena kumanzere. Yanga ili ndi timano 20 pozungulira kamodzi, ndipo pa dzino lililonse mawaya awiriwo amadutsa magawo anayi, 11, 01, 00, 10, n'kubwerera pa 11 (1 ndi pamene waya uli ndi moto, 0 pamene ulibe). Vuto ndi lakuti zitsulo zikakhudzana sizikhazikika nthawi yomweyo. Zimayamba zanjenjemera kwa mamilisekondi angapo, ndipo Arduino imaona kunjenjemera konseko. Ikadali yatsopano zimenezi n'zochepa. Chinyezi ndi fumbi la chakudya cha nkhuku zikalowa, zimachuluka.

Apa ndi pomwe ndinaonera kusiyana. Mnzanga wina wa ku Chibavi anagula yake pamodzi ndi ine, ndipo khodi yake ndi ija yomwe aliyense amayambira: CLK ikagwa, werenga DT, onjeza kapena chotsa imodzi. Pofika Malichi, iye akamapotokolera kumanja skirini inkaonetsa 37.5, 37.6, 37.4, kenako 37.7. Anaganiza kuti anamugulitsa yakufa. Yanga imawerengedwa ndi library (khodi yolembedwa kale) ya Rotary ya Ben Buxton, yomwe siiwerengera dzino pokhapokha magawo anayi aja atatsatana bwino mpaka kumapeto. Kunjenjemera kumangoyendetsa khodi uku ndi uku pakati pa magawo awiri, osawonjezera kanthu. Ndiye yanga ikadwala imangophonya dzino limodzi mwa apo ndi apo, siibwerera m'mbuyo. Kuphonya n'kopiririka, umangopotokolanso. Koma nambala yobwerera yokha pamene mazira akufuna pafupifupi madigiri 37.5 kwa masiku 21, imeneyo imakuchititsa kukayikira makina onse. Titasintha khodi ya mnzangayo, encoder yomwe ija inayamba kumvera.

Pali mlandu wina womwe encoder imasenza pomwe wolakwa ndi wina. Sensa ya DS18B20 imatenga mpaka mamilisekondi 750 kuti iyeze kutentha pa 12-bit, ndipo library ya DallasTemperature, ukaisiya mmene imabwerera, imaimitsa pulogalamu yonse kudikira yankholo. Ngati mukuwerenga encoder mkati mwa loop(), gawo la pulogalamu lomwe limangobwerezabwereza, chilichonse chomwe mwapotokola nthawi imeneyo chapita. Ikani CLK ndi DT pa pini 2 ndi 3, omwe ndi okhawo a external interrupt pa Nano ndi Uno (interrupt imadukiza pulogalamu nthawi yomweyo pini ikasintha), ndiponso lembani setWaitForConversion(false) kuti pulogalamu isamadikire sensa. Mkati mwa interrupt musalembemo pa skirini ya LCD. Sinthani nambala basi, ndipo nambalayo ikhale volatile, mawu ouza pulogalamu kuti ikhoza kusintha nthawi iliyonse.

Nanga ma capacitor, tizipangizo tosunga moto pang'ono? Ambiri amati ingoikani capacitor yolembedwa 104 pa CLK ndi DT, nkhani yatha. Ine sindinaafune chifukwa cha kunjenjemera. Ndinadzawaika chifukwa cha relay, swichi yoyatsa ndi kuzimitsa hita, yomwe ikati kha! nthawi zina inkadzutsa interrupt popanda wogwira chopotokolacho, poti mawaya anga ndi atalipo ndipo amadutsa pafupi nayo. Ndinatsata njira yomwe kampani ya Bourns imaonetsa pa ma encoder ake: resistor (yochepetsa moto) ya 10k pamzere, kenako capacitor ya 0.01 µF kupita ku GND, waya wa negativu. Resistor imeneyo musaisiye, chifukwa popanda iyo capacitor imakhuthulira moto wake wonse pa timaswichi tija nthawi iliyonse tikatseka.

Chomwe chinandivutitsa kwambiri m'miyezi yonseyi si encoder ayi, ndi timawaya tosomeka tija ta Dupont. Tsiku lina menyu inangosiya kuyankha. Nditatsegula bokosi ndi tochi ya foni, pini ya GND inali itachita zobiriwira, ndipo waya wake unkasololoka ndi chala chimodzi. Nkhungu ya m'mawa ya kuno siisiya chitsulo chosatetezedwa, ndiye onjezanipo madzi omwe amakhala m'makinamo kuti mazira asaume. Ndinadula timitu tonse n'kuwotcherera mawaya pa bolodi penipeni, ndipo kuyambira pamenepo zii. Encoder yeniyeniyo ndinaidonthezera isopropyl (spiriti yotsukira) pang'ono m'mbali mwa mtengo wake wopotokola n'kuizunguza kambirimbiri magetsi ali ozima. Kuphonya kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

Batani lodina, SW, silinasinthe. Dziwani chabe kuti ma KY-040 ambiri amabwera ndi ma resistor a 10k pa CLK ndi DT pokha, malo a yachitatu ali opanda kanthu, ndiye SW imafuna INPUT_PULLUP mu khodi, kuti resistor ya mkati mwa Arduino igwire ntchitoyo. Mtengo wopotokolawo wayamba kugwedera pang'ono, ndipo timano sitikulumanso mwamphamvu ngati kale. Encoder imene ili ndi mazinga ndi nati yomangira pa bokosi ndiyo yabwino, chifukwa mphamvu ya chala imathera pa bokosi, osati pa malo owotcherera.

Magetsi akazima, encoder siikumbukira pomwe inali. Potentiometer, chopotokola chonga cha volyumu ya wailesi, imakumbukira, poti imakhala pomwe waisiya, ndipo ndicho chinthu chokha chomwe ndimaisirira. Ine ndimasunga nambala mu EEPROM, malo a mu Arduino osaiwala magetsi akazima, koma pokhapokha munthu akadina batani. EEPROM ya ATmega328P, chipu cha pa Nano, opanga ake analonjeza kuti malo amodzi amalembeka ka 100,000, ndipo mukamalemba pa dzino lililonse mukuidya pachabe. EEPROM.update() imathandizanso, chifukwa siilemba ngati nambala sinasinthe. Kupatula apo, sindingabwerere ku potentiometer. Poiwerenga ndi analogRead nambala imavinavina, ndipo kuti uime pa 37.5 ndendende umachita kugwira mpweya.

Amene muli ndi bolodi ya ESP32 m'malo mwa Arduino, pini ya + ya encoder ipite ku 3.3V, osati 5V, chifukwa ma resistor aja amakokera CLK ndi DT ku moto womwe mwaupereka. ESP32 ilinso ndi PCNT, gawo lowerengera lokha popanda kusokoneza pulogalamu. Ndipo ena amafuna kumangirira encoder ku mota yotembenuza thireyi ya mazira kuti adziwe pomwe yafika. Musatero. KY-040 inapangidwira zala za munthu, ndipo pa mota timaswichi take titha msanga. Pamenepo ikani limit switch (swichi yomwe thireyi imagunda ikafika kumapeto) mbali ziwiri, kapena sensa ya maginito ya AS5600, yomwe imagawa kuzungulira kumodzi m'magawo 4,096 popanda chitsulo chokhudzana ndi chinzake.