Sikolashipu ya Chevening poyiyang'ana tili kuchigwa cha Shire

Mwa masikolashipu olipira zonse omwe Mmalawi wa digiri angafunsire, Chevening ndi yomwe khomo lake lili poyera kwambiri. Sipafunika kudzera ku unduna, sipafunika kalata ya bwanamkubwa wa boma, palibe malire a zaka zobadwa, ndipo fomu yake ndi yaulere. Mphunzitsi wa sekondale ku Ngabu ndi mkulu wa ofesi ku Capital Hill amadzaza fomu imodzimodzi pa intaneti. Pa ichi chokha timaipatsa ulemu. Koma mawu akuti "yolipira zonse" amayamba kugwira ntchito mutapambana kale, ndipo chaka chonse cha m'mbuyo mwake mumayenda ndi ndalama zanu. Munthu wa ku Nsanje, Bangula kapena Nchalo amalipira zambiri kuposa mnzake wa ku Lilongwe kuti afike pa mzere womwewo.

Ndalama zake zimachokera ku boma la Britain kudzera ku unduna wake woona za kunja, ndipo pulogalamuyi inayamba mu 1983. Imalipirira digiri ya masitazi ya chaka chimodzi pa yunivesite ya ku UK, yophunzira m'kalasi tsiku ndi tsiku, yoyamba mu Seputembala kapena Okutobala. Ya PhD ayi, yophunzira muli kwanu pa intaneti ayinso. Wopambana amamulipirira fizi, tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, viza, ndalama yofikira, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi yomwe imakwererako kwa ophunzira a mu London. Pa MBA, digiri ya masitazi ya za bizinesi, pali malire a fizi, yotsalayo mumadzionera nokha. Mkazi, mwamuna kapena ana samawalipirira kalikonse. Mukamaliza muyenera kubwerera ku Malawi ndi kukhala zaka ziwiri.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri asanawerengedwe n'komwe ndi maola a ntchito. Amafuna maola 2,800, ndipo fomu imawerengetsa yokha: mumalemba maola omwe munkagwira pa sabata ndi kuchuluka kwa masabata. Wogwira maola 40 pa sabata amakwanitsa m'masabata 70. Ntchito yongodzipereka imawerengedwa, intenishipu imawerengedwanso, koma atachimenti yomwe inali mbali ya digiri yanu siyiwerengedwa. Malamulo a posachedwapa amayang'ana ntchito yomwe mwagwira mutamaliza digiri, choncho namwino kapena mlangizi wa zaulimi yemwe anagwira zaka khumi ndi dipuloma kenaka n'kukatenga digiri chaka chatha awerenge tsamba la zoyenereza mosamala asanataye bandulo yake. Kuno kuchigwa ambiri amagwira ntchito za makontirakiti aafupi m'mabungwe, miyezi itatu yogawa chakudya m'misasa, miyezi isanu ya kalembera, kenaka kukhala. Zonsezo zilembeni padera padera, chilichonse ndi masabata ake enieni. Osaphatikiza nthawi yomwe munali pakhomo kuti nambala ikwane, chifukwa pa intavyu adzakufunsani za ntchitozo.

Fomu imatsegulidwa mu Ogasiti. Kutseka kwake kwakhala kukusinthasintha pakati pa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, ndiye tsiku lenileni muzilitenga pa webusayiti ya Chevening, osati pa uthenga woyendayenda pa WhatsApp. Amatseka 12 koloko masana pa nthawi ya GMT, kwathu kuno imakhala 2 koloko masana. Ganizirani bwino nthawi imeneyo: Okutobala, dzuwa lili paliwombo, kutentha kopitirira madigiri 40, laputopu ikulira fani ngati chigayo, magetsi azima, ndipo anthu a dziko lonse lapansi akukanikizana pa webusayiti imodzi. Palibe wodandaulira mukachedwa ndi mphindi imodzi. Ife timati fomu ya munthu wa kuchigwa izipita kutatsala sabata yathunthu, m'mamawa kusanatenthe, pomwenso netiweki imakhala yopepuka.

Webusayiti yakeyo si yolemera, imatseguka ngakhale pa foni, ndipo imalola kusunga n'kudzapitiriza tsiku lina. Koma musalembere nkhani zinayi zomwe fomu imafuna m'bokosi la fomu mwachindunji. Netiweki ikaduka musanasunge, zonse zapita. Lembani mu Word, werengani mawu, kenaka mukopere. Imelo ikhale yanuyanu, yomwe pasiwedi yake mukuidziwa pamtima ndipo imalowa pa foni yanu. Ambiri amatsegulitsa imelo pa kafe, mnyamata wa pakafepo n'kusankha pasiwedi, ndiye uthenga woitanira ku intavyu umadzafika mu Febuluwale kapena Marichi m'bokosi lomwe palibe akulitsegula. Imelo ya kuntchito nayo njoopsa, kontirakiti ikatha amaitseka. Mukadina batani lotumiza simungasinthenso nkhani zanu, ndipo fomu imaloledwa imodzi pa chaka.

Mtima wa fomu yonse ndi nkhani zinayi: ya utsogoleri, ya momwe mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, ya chifukwa chomwe mwasankhira makosi anuwo, ndi ya mapulani anu mukabwerako. Apa ndi pomwe tikufuna kuchedwapo, chifukwa apa munthu wa kuchigwa ali ndi chuma chomwe wa mu ofesi ya m'tauni alibe, koma amachitaya yekha. Nkhani zambiri zimayamba ndi mawu akuti Malawi ndi dziko losauka lopanda nyanja yamchere, kenaka kusefukira kwa madzi kwa 2015, namondwe Idai, Ana ndi Freddy, mpaka theka la malo litatha munthu asanatchule chomwe iye anachita. Owerenga fomu amadziwa kale za Freddy. Chomwe sakudziwa n'chakuti inu, monga wa zaumoyo pa chipatala chaching'ono cha ku East Bank, munatani msewu utaduka: munayankhula ndi ndani kuti bwato lipezeke, katemera anasungidwa bwanji firiji itasiya kugwira ntchito, a gulupu anakana chiyani ndipo munawatembenuza bwanji maganizo, ana angati analandira. Nkhani yabwino imatenga chochitika chimodzi kapena ziwiri, n'kunena vuto, udindo wanu, zomwe munachita, ndi zotsatira zokhala ndi nambala yomwe mungaiikire kumbuyo.

Pali chizolowezi chathu chomwe chimatipweteka pano. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndiye timalemba kuti "tinachita", "komiti inagwirizana", "mothandizana ndi anzathu". Pa bwalo la mfumu amenewo ndi makhalidwe, koma pa fomu iyi wowerenga amalephera kukupezani pakati pa gululo. Lembani kuti "ine" pomwe munachita ndinu. Utsogoleri womwe akufuna si mpando. Mlangizi yemwe anagwirizanitsa alimi a mu sikimu ya mthirira kuti azigawana madzi mwa ndondomeko ali ndi nkhani yolemera kuposa manijala yemwe wangotchula maudindo ake.

Nkhani ya ubale ndi anthu ndiyo imalembedwa mofooka kwambiri. Kukhala m'magulu asanu a WhatsApp si ubale. Sonyezani munthu kapena bungwe lomwe munalidziwa, momwe munasungira ubalewo, ndi chomwe chinatulukapo. Pa mapulani a m'tsogolo, pewani zolota za kukhala nduna. Nenani ntchito yomwe mudzagwire chaka choyamba mutabwera, ya zaka zisanu, ndi ya patsogolo pake, zonse zolumikizana ndi kosi yanu. Kuchigwa kuno zogwirapo zilipo zooneka ndi maso: ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi Phata, Majete ndi Lengwe, dambo la Elephant Marsh, nkhani yosamutsa anthu m'malo osefukira madzi. Mapulani omangidwa pa chimodzi mwa izi amamveka a munthu wodziwa komwe akubwerera.

Kunena za olemba nkhani pa malipiro: musawapatse ndalama. Chevening imayeza ngati nkhani yakopedwa, ndipo imaletsa kulembetsa nkhani ku AI. Wolemba pa malipiro amagulitsa mafupa omwewo kwa anthu khumi, amangosintha dzina la boma. Ngakhale itadutsa, pa intavyu mudzafunsidwa za nkhani yomwe simunaikhalemo. Chomwe mungapemphe kwa mnzanu wodziwa Chingerezi n'kukuwerengerani ndi kukuuzani pomwe sakumva.

Gawo lomwe timaliona lolemetsa pa dongosolo lonse ndi la mayunivesite. Pa fomu mumasankha makosi atatu, koma Chevening sikufunsirani malo. Mumafunsira nokha ku yunivesite iliyonse, pa webusayiti yake, ndi mapepala ake, ndipo pofika mu Julayi muyenera kukhala ndi unconditional offer, ndiye kuti kalata yokupatsani malo yopanda chotsalira, kuchokera ku imodzi mwa zitatuzo. Anthu amadikira kaye zotsatira za intavyu, n'kupeza kuti kosi yadzaza. Funsirani malo fomu ya Chevening ikangopita. Makosi atatuwo akhale apachibale, osati wina wa zaumoyo, wina wa bizinesi, wina wa malamulo. Wa zamadzi ndi ukhondo ayang'ane Cranfield, Loughborough kapena Leeds. Wa zaulimi ndi chitukuko ayang'ane Reading, East Anglia kapena Sussex. Wa zaumoyo ali ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi Liverpool School of Tropical Medicine. Musaike mayina otchuka okhaokha pa malo onse atatu, pakhale imodzi yomwe mukutsimikiza kuti ikutengani.

Mayunivesite ambiri ali ndi tsamba lofotokoza momwe amaonera digiri ya ku Malawi, ndipo sagwirizana onse. Ina imalandira credit, ina imafuna distinction. Werengani tsambalo musanaike kosi pa fomu, ndipo ngati silikumveka lemberani ofesi yolandira ophunzira, safunsa anadya phula. Mayunivesite ena amalipiritsa pofunsira malo, m'mapaundi, pa khadi, ndipo aliyense akudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira. Ambiri salipiritsa, ndiye sankhani mukudziwa. Akakupemphani dipoziti, alembereni kuti mukudikira Chevening, ena amadikira.

Chingerezi nacho chili ndi msampha wake. Chevening payokha inasiya kufuna mayeso a Chingerezi, koma yunivesite ikhoza kufuna IELTS, kawirikawiri 6.5, ndipo popanda iyo kalata yanu imakhalabe ya conditional. Mayesowa salembedwa kuchigwa, ndi okwera mtengo, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Mayunivesite ena amalandira kalata yochokera komwe munaphunzira yotsimikiza kuti digiri yanu inali ya m'Chingerezi. Kusankha imodzi yotere pa zitatu zija kungakupulumutseni ndalama zambiri.

Mapepala ayambeni msanga: satifiketi, thiransikiripiti, pasipoti. Dzina likhale lofanana paliponse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana pakati pa pasipoti ndi satifiketi chimadzavuta pa viza. Omwe anaphunzira ku Polytechnic kapena ku College of Medicine isanagawidwe University of Malawi mu 2021 alembe dzina lomwe lili pa satifiketi, osati mayina atsopano a MUBAS kapena KUHeS. Sikani ikhale ya makina, ya PDF, yooneka chidindo. Chithunzi cha pa foni chojambulidwa pa mphasa, chala chikuoneka m'mbali, ayi. Makalata a umboni amafunika awiri, a m'Chingerezi, ochokera kwa bwana wa kuntchito kapena mphunzitsi wa ku yunivesite, osati wachibale. Amafunika mukasankhidwa kupita ku intavyu, koma apempheni Khirisimasi isanafike ndipo apatseni nkhani zanu kuti alembe zogwirizana nazo. Dzina lalikulu la munthu yemwe sakukudziwani silithandiza.

Intavyu imachititsidwa ndi ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe, cha mu Marichi ndi Epulo, ndipo tsiku mumasankha nokha pa intaneti, woyamba kulowa ndiye amapeza masiku abwino. Apa kalendala ya Chevening siidziwa chigwa. Imeneyi ndi nthawi yomwe Shire, Ruo ndi Mwanza zimadzaza, ndipo msewu wa M1 ukhoza kuduka. Wochokera ku Nsanje ali ndi ulendo wokwera Thabwa kufika ku Blantyre, kenaka basi ina ya ku Lilongwe, kugona, ndi kubwerera, zonse za m'thumba mwake. Wa ku Makhanga kapena Muona awonjezerepo tsiku. Nyamukani kutatsala masiku awiri. Mafunso amatsata nkhani zinayi zija, choncho ziwerengeninso, konzani chitsanzo china chatsopano pa iliyonse, ndipo yesezani kuyankha mokweza mawu pamaso pa munthu yemwe sakuopani.

Zotsatira zimatuluka cha mu Juni. Ena amaikidwa pa mndandanda wa odikirira, ndipo malo amatha kutseguka mochedwa, ndiye kalata ya yunivesite ikhalebe m'manja. Wopambana amayezetsa TB pa chipatala chovomerezeka ndi boma la UK, amadikira nambala ya CAS, yotsimikiza kuti yunivesite yamulandira, kenaka viza. Wa m'boma ayambe msanga kupempha tchuthi cha maphunziro, chifukwa fayilo yochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje siyenda tsiku limodzi, ndipo pakati pa Juni ndi Seputembala pali masabata ochepa.

Tikaiyika pa sikelo, Chevening ndi yoyenera munthu wa digiri yabwino yemwe wagwira ntchito yooneka zaka zingapo ndipo akufunadi kubwerera. Wongomaliza kumene sukulu adikire maola akwane. Wofuna PhD ayang'ane sikolashipu ya Commonwealth. Beit Trust, yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndi yofunika kuifunsira chaka chomwecho, popeza mapepala ambiri ndi omwewo. Wolephera chaka chino amaloledwa kufunsiranso chaka chamawa, koma Chevening simuuza munthu aliyense payekha pomwe analakwitsa, ndiye sungani nkhani zanu mu foda, ndi deti lake, kuti Ogasiti winayo mudzakhale ndi poyambira.