Masiku 7 pa sitima ya Hurtigruten ndi amayi anga a zaka 74

Amayi anga ali ndi zaka 74, mawondo onse awiri ndi a nyamakazi, ndipo m'mawa uliwonse amamwa mapilitsi a BP. Atabwera kudzationa kuno ku Leeds, ine ndi achemwali anga tinasonkherana kuti akaoneko Norway pa sitima ya Hurtigruten, kuchokera ku Bergen mpaka ku Kirkenes. Woperekeza ndinali ineyo, ndipo tinapita mu June. Kuyambira tsiku lomwe ndinabwerako, anzanga akutchalitchi sakundipumitsa pa WhatsApp, aliyense akufuna kudziwa ngati angatengereko makolo ake, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Sitimayi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yachisanuyo ndaisunga chifukwa si gogo aliyense angaikwanitse sitimayi.

Muchotseretu m'mutu zisitima zija mumaziona pa TV, zokhala ndi malo a juga, zisudzo usiku uliwonse ndi anthu masauzande. Iyi inayamba mu 1893, pomwe kaputeni Richard With anayamba kunyamula makalata, katundu ndi anthu pakati pa Trondheim ndi Hammerfest, ndipo mpaka lero ntchito yonyamula katundu ndi anthu am'deralo sinathe. Imaima pa madoko 34. Ambiri mwa madokowo imangoimapo mphindi 10 kapena 15, kutsitsa, kukweza, basi yanyamuka. Tsiku lachiwiri amayi anaimirira pazenera n'kumaonerera kagalimoto konyamulira katundu kakulowa ndi kutuluka m'mimba mwa sitima, mnyamata wina akukwera ndi njinga yake, mayi wina akutsika ndi mwana pangolo. Anandikodola n'kunena kuti, "Iwe, imeneyitu ndi Ilala. Yangovala suti." Kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo ali mtsikana ankakwera Ilala popita ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, masiku omwe potsika umalowa kaye m'boti kenako n'kumalizira wekha m'madzi, chitenje utakwinyira m'mawondo, katundu ali pamutu. Atangoitcha Ilala, mantha onse omwe anachoka nawo ku Bergen anathera pomwepo.

Chomwe chimaiyenereza kwa munthu wamkulu n'chakuti zoti uone zimakupeza uli pampando. Pamwamba chakutsogolo pali chipinda chachikulu cha magalasi okhaokha, mipando yake yofewa, ndipo amayi anadzisankhira umodzi wa pakona womwe anaukhala ngati anachita kuugula. Sitima imayenda kufupi ndi mtunda pafupifupi ulendo wonse, pakati pa zilumba, moti sipapita nthawi usanaone kanyumba kofiira, mlatho kapena phiri la sinowo pamwamba. Mu June, July ndi August imapatuka kulowa mu Geirangerfjord, womwe ndi mkono wa nyanja wolowa pakati pa mapiri osongoka. Malowa ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse kuyambira mu 2005. Ena anatsikira m'boti kukakwera basi, ife tinatsala. Mathithi aja amawatcha Seven Sisters anadutsa pazenera amayi ali ndi kapu ya tiyi m'manja, ndodo ili pambali. Sanataye kanthu posatsika.

Anthu omwe tinali nawo ambiri anali a imvi, ochokera ku Germany, ku Britain ndi ku Norway komweko. Palibe wovala zapamwamba pa chakudya chamadzulo, juzi yokwanira. Nyimbo zophulitsa makutu kulibe. Masana ogwira ntchito amakamba nkhani za nsomba, za mbalame, za mbiri ya madoko, ndipo zilengezo zimabwera m'Chinorway, m'Chingelezi ndi m'Chijeremani. Ngati bambo anu ndi aja okonda gule ndi phokoso, pofika tsiku lachitatu adzayamba kuwerenga mababu akudenga. Amayi ndi munthu wa Baibulo ndi zoluka, ndiye kunali kwawo.

Tsopano za miyendo, chifukwa apa m'pomwe pagona nkhani. M'sitimamo muli zikepe, ndipo m'makonde muli zitsulo zogwirira. Koma sitima ndi sitima. Pakhomo la bafa la chipinda chathu panali kachidutswa kokwera koti udumphe, ndipo usiku woyamba amayi anakapunthwa chala. Zitseko zotulukira panja n'zolemera, makamaka kukakhala mphepo, moti ndinkachita kuwatsegulira. Kamlatho kotsikira padoko kamasintha kutsetsereka kwake malinga ndi madzi a m'nyanja: pena kamakhala kogona bwinobwino, pena kotsetsereka moti amayi ankatsika atandigwira phewa, wogwira ntchito mmodzi atawagwira dzanja linalo. Anyamatawo sanawafulumizitsepo ngakhale kamodzi, ndipo mmodzi anazolowera kuwalandira ndodo asanapemphedwe. Zipinda za anthu oyenda pa njinga ya olumala zilipo koma n'zochepa, ndiye amene akufunika chotero asungitse miyezi ingapo ulendo usanafike.

Pa chipinda ndinalakwitsa ndekha. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinasankha cha m'munsi, kufupi ndi komwe amalowetsera katundu. Sitimayi imaimanso usiku, ndipo ikamakocheza injini zimanjenjemeretsa bedi, kenako mumamva zitsulo ndi kagalimoto kaja. Ine ndinkadzuka pa doko lililonse. Amayi, omwe khutu lakumanzere linayamba kale kugontha, ankangogonera khutu labwinolo n'kumaliza mkonono. Zipinda zake n'zazing'ono koma zaukhondo, zofunda zotentha. Mukamasungitsa, funsani cha pakatikati pa sitima komanso chokwererako, ndipo onetsetsani kuti mabedi onse awiri ndi apansi, asakhale osanjikizana.

Ku Trondheim ndi komwe ndinatsala pang'ono kulira. Sitima imaima maola pafupifupi atatu, ndipo amayi, pokhala a Anglican, ankafunitsitsa kuona tchalitchi cha Nidaros, chomwe chinamangidwa pamanda a mfumu Olav, yomwe inafa pankhondo ya ku Stiklestad mu 1030. Panali ulendo wa basi wolipira, ine n'kuti ayi, tiyenda wapansi, pa mapu a pafoni pakuoneka pafupi. Mapu sadziwa nyamakazi. Mtunda womwe ine ndikanayenda theka la ola unatitengera pafupifupi ola lathunthu, tikupumira pa benchi iliyonse. Titalowa, amayi anagwada, ndipo munthu akagwada m'tchalitchi sumuuza kuti tiyeni. Anatuluka akuyerekeza ndi St Peter's ya ku Likoma, ine maso ali pa wotchi, mtima uli phaphapha. Tinapulumukira takisi. Sitimayi ili ndi anthu akuidikira pa doko lotsatira, ndiye siidikira munthu, kaya ndi gogo kaya ndi bishopu. Ukatsalira, uona wekha njira yoipezera kutsogolo. Kuchokera tsiku limenelo tinkatsika pokhapokha pali basi ya sitima yomweyo, kapena tinkangozungulira padoko pomwepo n'kubwerera.

Mafunde ndinkawaopera amayi, koma anagwetsa ine. Mbali yaikulu ya ulendowu zilumba zimatchinga, madzi ali phee. Pali malo ochepa pomwe sitima imatulukira panyanja yeniyeni: pa Stad m'mawa wa tsiku lachiwiri, pa Vestfjord pochoka ku Bodø kupita ku zilumba za Lofoten, komanso kumpoto kwenikweni chakumapeto kwa ulendo. Pa Vestfjord ndinagona chafufumimba, thumba lili pafupi. Amayi anakhala pamphepete pa bedi akundisisita msana, akuseka. "Mwana iwe, timafunde timeneti? Ukanaona mwera wa mu July pakati pa Nkhotakota ndi Likoma ukanatani?" Komabe kwa wamkulu amene miyendo yake ndi yosalimba, nthawi ngati imeneyo akhale pansi. Osapita kubafa yekha, osayenda ndi tiyi wotentha. Mapilitsi oletsa nseru muwagulire kumtunda, ndipo mufunse kaye adokotala ngati akugwirizana ndi mankhwala ena omwe akumwa.

Izi zandikumbutsa chachikulu. Pa sitima za ulendo uwu mulibe dokotala. Ogwira ntchito anaphunzira chithandizo choyamba, ndipo poti doko silikhala kutali, wodwala amatsitsidwa n'kupita kuchipatala cha kumtunda. Kwa amayi, omwe BP yawo imamvera mankhwala, zimenezi sizinandidetse nkhawa. Ndinatenga kamakina koyezera ndi mapilitsi opitirira masiku a ulendo. Koma kholo lomwe limadwaladwala mtima, kapena lomwe layamba kuiwalaiwala, ine sindingalikweze. Madoko ndi ambiri, khomo limatseguka usana ndi usiku, ndipo munthu wosokonezeka akhoza kutsika pa kamudzi ka mphindi 10 inu muli mtulo.

Tsiku lachinayi m'mawa tinadutsa mzere wa Arctic Circle, pa madigiri 66 ndi mphindi 33 kumpoto, pomwe pali chizindikiro cha dziko lapansi pa kachilumba. Pambuyo pake pamakhala mwambo woseketsa: wina amavala ngati mfumu ya m'nyanja n'kumathira anthu madzi a ayisi kumsana, amati ubatizo. Azigogo achijeremani anafola mzere akukuwa ngati ana. Nditawafunsa amayi ngati alowe nawo, anandiyang'ana kuchokera pamwamba pa magalasi. "Ndinabatizidwa kale ine. Kamodzi n'kokwanira."

Kuyambira pamenepo dzuwa linasiya kulowa. Ku Tromsø silimalowa kuyambira chakumapeto kwa May mpaka chakumapeto kwa July, ndipo kuwerenga zimenezi n'kosiyana ndi kuziona. Tinafika ku Svolvær, pa zilumba za Lofoten, cha m'ma 9 koloko usiku kuli ngwee ngati 4 koloko masana. Amayi anafunsa funso lomwe mpaka pano sindinaliyankhe: "Nanga nkhuku za kuno zimalowa m'khola nthawi yanji?" Zoseketsa, koma zili ndi vuto lake. Munthu wamkulu amene moyo wake wonse wayendera dzuwa amasokonekera. Usiku wina ndinawapeza atavala, atapemphera kale, akufuna kumwa mapilitsi a m'mawa, nthawi ili 2 koloko. Kuchokera apo ndinatchera alamu pafoni ndipo mapilitsi ndinkasunga ine. Makatani a m'chipinda amatchinga bwino, koma muwatseke msanga.

Ku Lofoten komweko anaona chomwe anachikonda kuposa mapiri onse: mathandala akuluakulu a mitengo oyanikapo nsomba. Nsomba za cod amazipachika kumapeto kwa nyengo yozizira n'kuuma ndi mphepo yokha, popanda mchere, ndipo zambiri zimagulitsidwa ku Italy, mitu yake ku Nigeria. Pomwe timadutsa zambiri zinali zitayanulidwa, kunatsala mitu. Amayi anati fungo lake ndi la pa gombe la kwawo nthawi ya usipa, ndipo anakhala panja mpaka manja anachita dzanzi.

Chakudya n'chabwino, chambiri, koma n'cha kwawoko. M'mawa ndi masana umadzitengera wekha, madzulo amakubweretsera patebulo. Nsomba tsiku lililonse, ndipo zambiri amazigula m'madoko omwe sitima ikudutsa. Cod ndi salmon yophika amayi ankadya mokondwa, ndi mbatatesi, atathira Nali yemwe ndinabisa m'chikwama. Nsomba zozizira zoviika mu viniga zija anazikana kuti n'zosapsa. Tchizi chabulauni cha ku Norway, chotsekemera ngati switi, anachilawa kamodzi n'kupukuta pakamwa. Phala la oats m'mawa ndi lomwe linkawasunga, ndipo nditanena za kuchepetsa mchere, akukhitchini anamva. Podzitengera chakudya sitima ikugwedera, mbale muziwanyamulira. Zakumwa ndi maulendo a basi ndi zomwe zimadya ndalama, chifukwa Norway ndi dziko lodula zedi, moti ndinasiya kusinthira mitengo m'makwacha kuopa kuti amayi akana ngakhale tiyi. Madzi apampopi ndi abwino kumwa.

Ulendo wa basi womwe tinalipira mosanyinyirika ndi wa ku North Cape, kuchokera pa doko la Honningsvåg. Ndi phompho lotalika mamita 307 pamwamba pa nyanja, pa madigiri 71 kumpoto. Basi imakufikitsa pakhomo pa nyumba ya alendo, m'kati muli motentha, mipando ndi zimbudzi zilipo. M'njira tinaona nyama za reindeer zomwe anthu a mtundu wa Sami amaweta. Titafika, chifunga chinali chitaphimba zonse, ndipo mphepo inkafuna kuwalanda duku. Anapirira mpaka pa chizindikiro chachitsulo chija, ndinawajambula, n'kuthawira m'kati. Chithunzicho chikuoneka gogo wovala majekete awiri, chitenje pamwamba pa thalauza, kumbuyo kuli mbuu. Ndi chomwe anaika pa WhatsApp. Musanyengedwe ndi mawu akuti chilimwe: chipewa, magolovesi ndi jekete yotchinga mphepo n'zofunika ngakhale mu June.

Za mapepala mwachidule. Norway siili mu European Union koma ili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya omwe amalowedwa ndi visa imodzi, ndiye wa pasipoti ya Malawi afunika visa ya Schengen, ya ku UK sigwira. Amayi anaifunsira ali kumudzi asananyamuke, chifukwa nthawi zambiri amafuna ufunsire m'dziko lomwe umakhala. Pamafunikanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo ya munthu wopitirira zaka 70 wokhala ndi BP mtengo wake umaluma. Matenda onse muwatchule polembetsa, osabisa.

Ife tinatsikira ku Kirkenes, kufupi ndi malire a Russia, n'kubwerera pa ndege kudzera ku Oslo. Ulendo wonse wopita ndi kubwerera ku Bergen ndi wa masiku 12, ndipo pobwerera umaona masana madoko omwe unawadutsa usiku. Kwa amayi masiku 7 anakwana, mapazi anali atayamba kutupa ndipo nsima inali itawasowa kwambiri. Tili pa bwalo la ndege ndinawafunsa ngati angadzakwerenso. Anati inde, bola chipinda chidzakhale cha pamwamba, ndipo ndidzafunse ngati akukhitchini angalole kuti alowe ndi ufa ndi mthiko wawo.