Joule thief, kachipangizo ka nyali za sola, kapena MT3608: n'chiti choyenera kabatire kanu?

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri pa tsiku, ambiri kuno ku Lusaka tinasiya kutaya mabatire akale. Vuto lake n'lodziwika kwa aliyense wokonda kutokosa timawaya: LED yoyera imafuna pafupifupi 3V kuti iyake, pomwe batire la AA lili ndi 1.5V basi. Njira zokwezera voltage zimene timatsutsana nazo ndi zitatu, koma ine ndimati sizilimbirana ntchito imodzi.

Joule thief, kachipangizo kodzilumikizira nokha kokweza voltage ya batire limodzi, ndiye wokondedwa wa oyamba kumene, ndipo m'pake. Mufunika transistor imodzi ya NPN, kaya BC547 kaya 2N3904, resistor ya 1k, LED, ndi kamphete ka ferrite. Kampheteko musagule. Tsegulani mosamala tsinde la babu lakufa la energy saver, osaswa galasi chifukwa muli mercury, mukapeza kali phee pakati pa tizipangizo tina. Tengani mawaya awiri opyapyala, muwakulunge limodzi maulendo 10 mpaka 20, kenako mulumikize chiyambi cha wina ndi mapeto a mnzake. Ambiri amagwa pomwepa: akalumikiza chiyambi ndi chiyambi, LED siyaka, iwo n'kuyamba kunena transistor. Tembenuzani nsonga za koyilo imodzi, muona kuwala.

Chimene chimachitika n'chakuti transistor imatseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi. Ikatseka, mphamvu imene inasonkhana m'kamphete imatuluka mwadzidzidzi pa voltage yokwera, LED n'kuyaka. Batire limene rimoti yalikana, lotsala ndi 1V, limayatsabe nyali mpaka litatsika cha ku 0.6V. Kuli ngati kutafuna nzimbe imene wina walavula, n'kupezamo madzi.

Koma joule thief alibe malire. Mukachotsa LED batire lili pomwepo, voltage imalumpha kwambiri moti ingawononge transistor. Kuwala kumatsika pamene batire likutha. Choipitsitsa, amayamwa batire lotchajidwa la NiMH mpaka pansi penipeni, ndipo batire lotero silichedwa kufa. Mpatseni mabatire otayidwa okha, ndipo muziwachotsa akatheratu asanayambe kuchucha.

Yachiwiri anthu amaipeputsa, chonsecho pa nkhani ya kuwala ndi imene ine ndimaikhulupirira. Tinyali ta sola tozika m'mbali mwa njira, tija timafa mvula ikalowa, timakhala ndi kachipangizo ka miyendo inayi, kawirikawiri QX5252 kapena YX8018. Kamachita ntchito ya joule thief popanda kukulunga waya: inductor imodzi yooneka ngati resistor yonenepa, batire la 1.2V, LED ndi kasola. Masana kamatchaja, kukada kamayatsa kokha, chifukwa kasola komweko ndi kamene kamauza kuti dzuwa lalowa. QX5252 imazimitsa batire likafika cha ku 0.9V, kotero NiMH wanu amakhalitsa. Mukafuna kuwala kwambiri ikani inductor ya nambala yocheperapo, podziwa kuti batire litha msanga. Nthawi zambiri chofa m'tinyali timeneti ndi batire kapena switch ya dzimbiri. Kachipangizoko kamakhala kali bwinobwino. Kwa mwana wowerenga usiku ku Chawama kapena ku Mtendere, kuwala kwake n'kochepa, sindikana, koma LED yoloza pa buku imathandiza, ndipo sipakhala kandulo pafupi ndi katani.

MT3608 ndi nkhani ina. Ndi kabolodi kokwezera voltage kogula kopangidwa kale, kali ndi kabokosi kabuluu ka sikuluwu kosinthira voltage. Kamalandira kuyambira 2V mpaka 24V, n'kutulutsa mpaka 28V, ndipo voltage imakhazikika pamene mwaiika. Onani 2V imeneyo: batire limodzi la AA silingakadzutse. Kamafuna awiri, kapena batire la lithium lotchedwa 18650, la 3.7V, lochokera m'batire la laputopu yakale. Kakakhala katsopano, mumazunguliza sikuluwu maulendo ambiri mobwerera kumanzere mita yoyezera voltage isanasonyeze kusintha, ndiye musafulumire kukabweza kwa wogulitsa. Ndipo yezani ndi mita musanalumikize chilichonse.

Apa ndi pamene anzanga ofuna kuyendetsa rauta ya intaneti amakhumudwa. Kukweza voltage sikuwonjezera mphamvu. Rauta yofuna 12V pa 1A imadya mawati 12. Kuti muwapeze pa 3.7V, batire liyenera kupereka ma amp opitirira 3, ndipo kabolodi kolembedwa 2A kamatentha n'kugonja. Rauta yaing'ono ya 9V kapena yodya pang'ono imayenda, makamaka mukalumikiza ma 18650 awiri motsatizana kuti kabolodi kayambire pa 7.4V. Komanso MT3608 sadziwa kuteteza lithium. Samazimitsa batire likatsika kwambiri, ndipo mawaya otuluka akagundana, moto umangodutsa mu inductor ndi diode. Pa batire limodzi ikani kabolodi kotchajira lithium ka TP4056, ka mtundu wokhala ndi chitetezo. Pa awiri otsatizana TP4056 siyenera, pamafunika BMS ya 2S, kabolodi koteteza mabatire awiri otere. Izi musazichite mwachidule, abale, lithium ikapsa m'chipinda chogona ana si nkhani yoseka.

Tsono wina akandifunsa kogula, ndimayamba ndamutumiza kwa okonza mawailesi ndi mafoni a ku Town Centre kapena City Market, akapemphe mabolodi akufa. Transistor, resistor ndi kamphete zimapezeka m'menemo. Ndalama asungire mita, TP4056 ndi MT3608, poti zimenezo sangazizule m'wailesi yakale.