Filimu kapena dijito pa ukwati wa mu Blantyre

"Achimwene, ine zithunzi za ukwati wanga ndikufuna zidzatuluke ngati za amayi zija." Anatero mlongo wanga wamng'ono tili pakhonde ku Chilomoni, alubamu yakale ili pamiyendo pake. Mu alubamuyo muli zithunzi 24 zokha, filimu imodzi basi, zojambulidwa panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI. Koma mukayang'anitsitsa velo ya amayi, timaluwa tonse ta lesi tikuoneka, ndipo nkhope ya bambo ili bwinobwino, ndi kathukuta ka pamphumi komwe.

Ine ndimajambula maukwati ndi makamera awiri, ya dijito ndi ya filimu, Pentax K1000, yomwe anandisiyira amalume. Zomwe ndinamuuza tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba apa, poti masiku ano akwati ambiri akufunsa za filimu, ija yokulunga m'kamera n'kukatsukitsa.

Tiyambe ndi dzuwa, chifukwa ndi pomwe filimu imandigwira mtima. Vuto la wojambula aliyense kuno ndi limodzi: mkwatibwi wakhungu lakuda losalala, diresi loyera mbee, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Mukatsegulira kamera kuwala kokwanira kuti nkhope ioneke, diresi limachita thwanii. Mukachepetsa kuti lesi ioneke, nkhope imamira mumdima. Pa dijito, kuwala kukapyola malire kamera imangolemba kuyera kopanda kanthu, ndipo ngakhale mutakhala pa kompyuta usiku wonse simungabwezeretse ulusi umodzi wa diresilo. Filimu ya negetivu ndi yopirira kumbali imeneyi. Filimu ya Kodak Portra 400 (nambalayo imasonyeza mphamvu yake yogwira kuwala) mutha kuipatsa kuwala kowirikiza kawiri koma mikanda ya pa diresi n'kutulukabe, n'chifukwa chake ojambula ambiri amaitchera ngati ndi ya 200, yomwe imafuna kuwala kowirikiza kawiri. Ine ndimayeza kuwala pa tsaya la mkwatibwi, kumbali ya mthunzi, diresi n'kulisiyira filimu. Makamera a dijito atsopano, akamajambula RAW (kusunga zonse zomwe kamera yaona osachotsapo kanthu) m'manja mwa munthu wodziwa, amayandikira ndithu. Komabe kufewa kuja, komwe kuwala kumatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pamphumi kufika pa velo, ine ndimakupeza mosavutikira pa filimu.

Musatengeke kuti filimu iliyonse imakonda khungu lathu. Kale malo otsukira zithunzi ankakonza mitundu potsata khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi nkhope ya mayi wachizungu, ndipo anthu akuda ambiri ankatuluka ngati zithunzithunzi. Filimu za lero zinasintha kwambiri, koma munthu wochita sikani manegetivu anu akadali ndi mphamvu pa mtundu wa nkhope yanu. Pemphani kuona ntchito yake pa anthu akhungu ngati lanu musanapereke ndalama.

Tikalowa m'tchalitchi zinthu zimatembenuka. St Michael's, yomwe David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, ndi yokongola zedi, koma njerwa zake zimameza kuwala. Filimu imabadwa ndi mphamvu yake: ya 400 ndi ya 400 mpaka ithe, mukalimba ndiye Portra 800. Dijito ndimangotembenuza kabatani, mphamvu yogwira kuwalayo n'kufika pa 6400, n'kujambula mphete ikulowa pachala popanda kuthwanimitsa fulashi m'maso mwa abusa. Apa filimu yagonja.

Ku holo ndiye musayerekeze. Ganizani perekaniperekani ali pakati, mwini mwambo waitana a kuchimuna, kenako a kuchikazi, amayi a Mvano alowa m'bwalo ndi nyimbo yawo, ndalama zikuuluka, mbale zikudzadza. Filimu ya 35mm imatha pa zithunzi 36. Ija yaikulu ya 120, mu kamera ngati Contax 645 yomwe ojambula maukwati kunja amaikonda, imatha pa 16. Ikatha muyenera kuikulunga, kutsegula kamera, kuika ina. Nthawi imeneyo agogo aja omwe anakhala phee tsiku lonse anyamuka ndi ndodo yawo, avina kamodzi kokha, abwerera pampando. Amenewo simungawauze kuti avinenso. Pa dijito ndimajambula mazanamazana osapuma, ndipo magetsi a m'holo akhale obiriwira kapena ofiira ndimakawongola kunyumba.

Palinso mantha aja omwe akuluakulu akuwakumbukira. Wojambula wa panjinga ankabwera patatha sabata, n'kuyang'ana pansi: "Pepani mayi, zapsa." Chiopsezo chimenecho sichinathe. Pa filimu suona chomwe wajambula mpaka itatsukidwa, ndipo makamera ake ambiri ndi okalamba. K1000 inayamba kupangidwa mu 1976, ndipo tithonje totseka kuwala kuchitseko chake timafumbutuka, kuwala n'kumalowa mwakuba. Ubwino wake ndi woti imagwira ntchito popanda batire, kupatula choyezera kuwala. Kamera ya dijito yabwino imalemba chithunzi chilichonse pa makhadi awiri nthawi imodzi, ndipo wina akatsinzina ndimaona pomwepo.

Za ndalama sindibisa, filimu ndi yodula. Yonse imachokera kunja, ya Kodak ku Rochester ku America, ya Ilford yosapaka mitundu ku England. Fujifilm inasiya kupanga Pro 400H mu 2021, filimu yomwe inali yotchuka pa maukwati. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Mukadina kamodzi mwalipira katatu: kugula filimu, kutsukitsa, kuchita sikani. Kutsuka filimu yamitundu kumafuna mankhwala a C-41 osungidwa pa madigiri pafupifupi 38, ndipo mankhwala otopa amaononga ukwati wonse. Mufunseni wojambula wanu komwe akatsukitse. Ngati ndi ku Johannesburg kapena ku Cape Town, werengerani masabata odikira, ndipo womutumayo apemphe kuti filimu isadutse m'makina a CT a pabwalo la ndege, amaichititsa chifunga. Filimu imadananso ndi kutentha. Yanga ndimasunga m'firiji, ndipo sindiisiya m'galimoto yoima padzuwa.

Kudikirako ena sangakupirire. Azakhali a ku UK afuna zithunzi pa WhatsApp usiku womwewo, ndipo anyamata a pompopompo aja amakhala atayala kale zithunzi za alendo pakhomo la holo keke asanadulidwe.

Njira yachitatu ndi yomwe ambiri akugulitsidwa osadziwa: kujambula pa dijito kenako n'kupaka fyuluta yofanizira filimu. Ndi yotchipa, ndipo wodziwa ntchito amatulutsa zooneka bwino. Koma fyuluta sibweza diresi lomwe layera kale mopyola, ndipo zambiri zinakonzedwera khungu loyera. Zimandiwawa kuona mtsikana wokongola wa ku Ndirande atasandutsidwa wachikasu pa chithunzi cha tsiku lake, amayi ake omwe osamuzindikira. Wina akakuuzani kuti akujambulani "ngati filimu", mufunseni ngati mudzalandire manegetivu. Yankho lake likuuzani zonse.

Manegetivuwo ndi amene mlongo wanga ankawafuna, ngakhale sanawatchule. A amayi akadali mu envelopu kumbuyo kwa alubamu, ndipo chaka chatha ndinachititsa sikani awiri, anatuluka bwino. Mnzanga wina yemwe anakwatira zaka zisanu zapitazo anapatsidwa zithunzi zoposa chikwi pa fulashi ya pakompyuta. Fulashiyo inafa, laputopu inabedwa, watsala ndi zisanu ndi chimodzi zomwe anaika pa Facebook. Koma mlandu apa si wa dijito kwenikweni, ndi wa chizolowezi chathu chosatsukitsa zithunzi. Filimu imangokukakamiza kukhala ndi kanthu kogwira m'manja. Nayonso imafuna chisamaliro, chifukwa chinyontho cha nthawi ya dzinja chimameretsa nkhungu pa manegetivu.

Ndiye tinagwirizana chonchi. M'tchalitchi ndi ku holo ndidzajambula pa dijito, ndipo komiti yaika kale ndalama ya alubamu yeniyeni mu bajeti, pambali pa ya keke. Filimu tagula zitatu za Portra 400, zithunzi 108, za nthawi ija yapakati akwati atatuluka m'tchalitchi asanapite ku holo. Akwati awiriwo, makolo, ankhoswe a mbali zonse, agogo, basi. Pamenepo palibe wothamanga, ndipo anthu akamva kuti chithunzi ndi chimodzi chokha amaima mosiyana, amakonza kolala, amayang'ana kamera ndi maso onse.

Loweruka lapitali tinapita ku HHI kukayesa kamera ndi filimu imodzi yotchipa ya Kodak Gold 200, kuti ngati ikulowetsa kuwala tidziwiretu. Mlongo wanga anatenga alubamu ija, n'kumayerekeza njerwa za pa chithunzi ndi za pakhoma mpaka anapeza pomwe amayi anaima. Anaimirira pomwepo, nati, "Achimwene, choyamba chidzakhale apa."